Mzinga wa pa Mangochi ndi Zotsalira za Nkhondo Kumwera kwa Nyanja

M'mayiko a ku Ulaya, makamaka kum'mawa kwa England, nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse zinasiya mabwalo a ndege ambirimbiri, amene lero ena analimidwa tirigu ndipo ena anamangidwapo mafakitale, koma akadali kudziwika ndi misewu ya konkire imene ndege zinkathamangapo ponyamuka, nsanja zimene oyang'anira ndegezo ankakhalamo, ndi miyala yolembedwa mayina a anyamata amene ananyamuka osabwereranso. Kumwera kwa nyanja ya Malawi, kuyambira pa Nkopola kutsikira ku boma la Mangochi ndiponso kukwera mpaka ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, zotsalira za mtundu umenewu n'zosowa, chifukwa nkhondo ya kuno inayenda pamadzi ndi pamitu ya anthu, ndipo ntchito yolandira asilikali, zida ndi chakudya n'kuzitumiza kumene kukulira mfuti inkagwiridwa ndi doko. Ngakhale ndege zikuluzikulu zimene zinadzafika m'derali nkhondo yachiwiri itatha zinkatera panyanja, pamene sipatsala phazi la munthu kapena mkukuluzi wa gudumu. Chotero wofuna kuona zimene nkhondo inasiya kuno amapeza zinthu zochepa zomwazikana, ndipo akaziika pamodzi amazindikira kuti zimakumbutsa kwambiri za sitima, mfumukazi ndi azungu owerengeka, pamene anthu zikwizikwi amene anasenza nkhondoyo alibe mwala wonena za iwo pamalo amene anadutsa.

Nkopola ili m'mbali mwa msewu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, pamtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa boma, pagombe la kumadzulo kwa chigawo cha nyanja chimene chimapita chichepera mpaka kuthera mu mtsinje wa Shire. Woima paphiri la Nkopola amaona chilumba cha Boadzulu, mapiri a kutsidya kwa Malindi, ndi madzi onse amene sitima iliyonse yochokera ku Fort Johnston kupita kumpoto inayenera kudutsamo. Fort Johnston ndilo linali dzina la Mangochi m'nthawi ya atsamunda, ndipo chiyambi chake chinali linga, kutanthauza msasa wa asilikali wotchingidwa ndi mpanda, limene mkulu wa boma la atsamunda, Harry Johnston, anamangitsa mu 1891 moyang'anizana ndi mudzi wa mfumu ya Chiyao, Mponda. Pamalopa m'pamene amalonda a akapolo ndi minyanga ya njovu ankawolokera Shire popita ku gombe la nyanja ya mchere, ndipo amene wagwira powolokerapo ndiye ankakhala atagwira khomo la nyanja yonse. Nkhondo zolimbana ndi mafumu a Chiyao zinatenga zaka zingapo. Kaputeni Cecil Maguire, amene ankatsogolera asilikali a mtundu wa Sikh ochokera ku India, anaphedwa mu Disembala 1891 polimbana ndi anthu a mfumu Makanjira, ndipo dzina lake linapatsidwa ku linga la Fort Maguire kutsidya la kum'mawa, pamene mfumu Jalasi anagonja mu 1895 ndipo paphiri lake anamangapo linga la Fort Mangochi, limene mabwinja ake akadalipo cha ku Namwera ndipo dzina lake ndilo linadzapatsidwa ku tauni ndi boma lonse dziko litalandira ufulu.

Chotsalira chodziwika kwambiri ndi mzinga umene unaikidwa pafupi ndi nsanja ya wotchi m'tauni ya Mangochi, kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Mzingawu ndi wa mtundu wa Hotchkiss, mfuti yaikulu yothamanga kuwomba imene inkamangiriridwa pa sitima zankhondo, ndipo unachotsedwa pa Guendolen, sitima imene inapangidwa ku England, kubwera nayo m'zidutswa, n'kuilumikiza ku Fort Johnston komweko, ndipo inayamba ntchito mu 1899. Dzina lake linali la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, amene panthawiyo anali nduna yaikulu ya Britain. Kumpoto chakum'mawa kwa nyanja, kumene lero ndi Tanzania, kunali m'manja mwa Ajeremani, ndipo iwonso anali ndi sitima yawo, Hermann von Wissmann, imene inayamba kuyenda panyanjayi mu 1893. Nkhondo itabuka ku Ulaya mu Ogasiti 1914, boma la ku Zomba linalamula Kaputeni Edmund Rhoades kuti akaisake sitimayo, ndipo pakati pa mwezi womwewo anaipeza itakokeredwa kumtunda pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli, ikukonzedwa. Guendolen inawomba, chipolopolo chinalasa, ndipo nkhani imene imasimbidwa kawirikawiri ndi yakuti woyendetsa sitima ya Ajeremani, Kaputeni Berndt, yemwe anali bwenzi la Rhoades ndipo anali asanamve kuti nkhondo yayamba, anapalasa bwato kudzafunsa chimene chachitika n'kugwidwa pomwepo. Mu Meyi 1915 Angerezi anabwereranso ku Sphinxhaven n'kuiwononga sitimayo kotero kuti sikanathanso kugwira ntchito ya Ajeremani.

Alendo obwera ku Mangochi amauzidwa kuti imeneyi inali nkhondo yoyamba ya pamadzi mu nkhondo yonse ya dziko lapansi, koma mawuwa ndi okokomeza, popeza pa 5 Ogasiti 1914 sitima za Angerezi zinali zitamiza kale sitima ya Ajeremani yotchera mabomba m'madzi, Königin Luise, m'nyanja ya North Sea. Kufunika kwenikweni kwa chipolopolo cha pa Liuli kuli pa zimene zinatsatira. Kuchokera tsiku limenelo nyanja yonse, imene kutalika kwake kumapitirira makilomita 550, inakhala msewu wa Angerezi okha, ndipo ndi chifukwa chake anatha kutumiza msanga asilikali ku Karonga, kumene Ajeremani anabwezedwa pa nkhondo ya pa 9 Sepitembala 1914. Ndi chifukwa chomwecho kuti Fort Johnston, kamudzi ka malungo ndi kutentha, inasanduka pakhosi pamene chilichonse chopita ku nkhondo ya kumpoto chinayenera kudutsa.

Nsanja ya wotchi imene yaima pambali pa mzingawu si chikumbutso cha nkhondo, ngakhale kuti ambiri amaziona ngati chinthu chimodzi. Inamangidwa ndi njerwa zofiira mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, amene anamwalira mu Januwale 1901, ndipo pamalo omwewo panadzaikidwa chikwangwani chokumbukira anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja, cha ku Florence Bay. Kataliko pang'ono kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene ili m'nyumba imene kale inali kalabu ya azungu, ndipo m'katimo muli chifaniziro cha pamalo pamene woyendetsa Guendolen ankaima, pamodzi ndi zithunzi za sitima zina za panyanjayi. Guendolen payokha inaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1940, kotero kuti mzinga wa panja ndi zida zochepa za m'nyumbayi ndizo zatsala.

Mu 1916 nkhondo ya kuno inasintha nkhope pamene Brigadier-General Edward Northey anatenga utsogoleri wa gulu la asilikali a Nyasaland, limene linali dzina la Malawi panthawiyo, ndi Rhodesia, ndi cholinga cholowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumwera. Katundu wa gululi ankachokera ku nyanja ya mchere kukwera ndi mtsinje wa Zambezi, kukwezedwa sitima ya pamtunda pa Chindio, kudutsa Port Herald, imene lero ndi Nsanje, mpaka ku Limbe ndi Blantyre kumene njanji inkathera, ndipo kuchokera kumeneko ankayenda pamsewu wodzera ku Zomba mpaka ku Fort Johnston, mbali ina pa magalimoto ochepa amene analipo koma mbali yaikulu pamitu ya anthu. Pa doko katunduyo ankakumana ndi vuto lina, chifukwa pamene nyanja imathirira mu Shire pali mchenga wowunjikana umene oyendetsa sitima ankautcha Bar, ndipo madzi akachepa sitima zazikulu zinkaima kunja, katundu n'kumapita kwa izo pa mabwato. Pafupifupi chombo chilichonse cha panyanja chinalandidwa kuti chigwire ntchito ya nkhondo, kuphatikizapo Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya Anglican ya UMCA imene inayamba kuyenda mu 1901 ngati tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyandama. Kumpoto katundu akatsitsidwa pagombe ankayambanso ulendo wina pamitu, kukwera mapiri ozizira a Livingstone kulowera ku Songea ndi ku Iringa.

Anthu amene ankasenza katunduyu ankatchedwa amtengatenga, ndipo mbiri ya nkhondoyi m'Malawi kwenikweni ndi mbiri yawo. Akatswiri a mbiri yakale amawerengera kuti amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anagwirapo ntchito ya mtengatenga m'zaka za nkhondo, ndipo ena pafupifupi 19,000 analowa usilikali wa King's African Rifles, umene anthu ankautcha Keyala, ndipo izi zinachitika m'dziko limene anthu ake onse, akazi ndi ana omwe, anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Chifukwa chimene panafunikira khamu lotere chimamveka munthu akawerengera chakudya. Mtengatenga mmodzi ankasenza katundu wolemera makilogalamu oposa 20, ndipo naye ankafunika phoso, ndiko kuti chakudya cha wantchito, la ufa pafupifupi kilogalamu imodzi patsiku. Munthu woyenda masiku khumi kupita ndi masiku khumi kubwerera ankatha kudya pafupifupi ufa wonse umene wasenza, kotero kuti mzere wa nkhondo ukamapita patsogolo pankafunika anthu osenza chakudya cha osenza anzawo, ndipo chiwerengero chinkakula mofulumira kuposa mtunda. Ng'ombe ndi abulu sizikanathandiza kwambiri chifukwa cha kashembe, ntchentche yofalitsa matenda opha ziweto, ndipo nyengo ya dzinja magalimoto ankatitimira m'matope.

Ochepa okha ndiwo ankapita mwa kufuna kwawo. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero cha amuna choti apereke, amesenjala a boma ndi apolisi ankazinga midzi usiku, ndipo kumene amuna athawira kuthengo akazi awo ankagwidwa kuti amunawo adzipereke. Anthu anaiona ntchitoyi ngati thangata wina, dzina limene poyamba linkatanthauza kuthandizana pantchito koma m'minda ya azungu linasanduka ntchito yokakamiza. Mbusa John Chilembwe wa ku Providence Industrial Mission ku Chiradzulu analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914 kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino akukhetsa magazi pa mkangano umene si wawo, ndipo kuwukira kwake kwa pa 23 Januwale 1915 kunachitika kukakamiza kwakukulu kusanafike pachimake. Zimene ankaopa zinachitika mopitirira. Amtengatenga ankafa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala kuposa ndi zipolopolo, midzi inatsala yopanda amuna olima, chakudya chinkagulidwa mokakamiza kuti chidyetse asilikali, ndipo nkhondo itangotha mliri wa fuluwenza wa 1918 ndi 1919 unayenda m'njira zomwezo zimene katundu ankayendamo. Melvin Page, amene m'zaka za m'ma 1970 anasonkhanitsa maumboni a okalamba amene anaiona nkhondoyi, anatcha buku lake The Chiwaya War potsata dzina la chiwaya limene anthu anapatsa mfuti yowomba zipolopolo zambiri motsatizana.

Dera la Mangochi linamva kulemera kumeneku kawiri. Poyamba linali njira yopita kumpoto, ndipo mu Novembala 1917, mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, atawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa m'Mozambique, magulu a asilikali anayamba kunyamukira ku Fort Johnston kulowera kum'mawa kudzera ku Namwera, ndipo midzi ya Chiyao ya mbali zonse za malire inafunidwanso amuna ndi chakudya. Von Lettow-Vorbeck sanagwidwe, ndipo anatula zida ku Abercorn, imene lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, patapita milungu iwiri nkhondo itatha ku Ulaya.

M'tauni ya Mangochi muli manda a nthawi ya nkhondoyi amene amasamalidwa ndi Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamala manda a asilikali a mayiko amene anali pansi pa Britain. Mwala uliwonse uli ndi dzina, gulu la usilikali ndi tsiku la imfa, ndipo chisamaliro chimenechi n'choyenera, chifukwa ambiri mwa ogona pamenepo anali anyamata amene anafera kutali ndi kwawo, ena ndi matenda asanaone n'komwe mdani. Chopweteka n'chakuti amtengatenga amene anafera m'njira yomweyo sanalandire ulemu wofanana. Bungwe lomwelo linavomereza poyera mu lipoti lake la mu Epulo 2021 kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, amene anafa pa ntchito ya nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo linanena kuti tsankho la akuluakulu a nthawiyo linali chimodzi mwa zifukwa. Ku Dar es Salaam, ku Nairobi ndi ku Mombasa kunamangidwa zipilala zopanda mayina zokumbukira asilikali achikuda ndi amtengatenga pamodzi, ndipo ku Zomba kuli nsanja ya King's African Rifles pafupi ndi Cobbe Barracks, koma pa doko limene khamu la osenza katundu linkatulira mitolo yawo chimene chimaoneka ndi mzinga. M'chikhalidwe chimene manda ndi malo olemekezeka, amene mudzi umawalambula ndi kuwadziwa, munthu wofera kutchire osaikidwa ndi abale ake amasiya chilonda chimene sichipola msanga, ndipo mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja anatsala nacho.

Nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, inamenyedwera kutali. Asilikali a Keyala ochokera ku Nyasaland anakamenya ku Somaliland, ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo panthawiyo Fort Johnston inali itayamba kale kutaya ulemerero wake wa doko, popeza njanji inafika ku Salima mu 1935, katundu wa panyanja n'kuyamba kudzera pa Chipoka, ndipo pambuyo pake likulu la sitima linakhazikika ku Monkey Bay, kumene sitima ya Ilala imene ikuyendabe lero inalowetsedwa m'madzi mu 1951. Komabe nkhondo imeneyi ndiyo inabala ndege zimene zinadzapanga Cape Maclear kukhala bwalo la ndege la pamadzi. M'zaka za nkhondo kampani ya Short Brothers inkapanga ndege yotchedwa Sunderland, imene mimba yake inali ngati ya bwato kotero kuti inkanyamuka ndi kutera pamadzi, ndipo ntchito yake inali kusaka sitima za adani zoyenda pansi pa nyanja. Kuchokera ku ndege imeneyi kunapangidwa ina yonyamula anthu, Short Solent, ya mainjini anayi, imene kampani ya BOAC inkayendetsa kuchokera ku Southampton kudzera ku Sicily, ku Egypt, ku Khartoum ndi ku nyanja ya Victoria mpaka ku damu la Vaal pafupi ndi Johannesburg.

Kuyambira mu Novembala 1949 zina mwa ndegezi zinayamba kutera pa Cape Maclear, pamadzi odekha otetezedwa ndi zilumba, pafupi ndi pamene amishoni a Livingstonia anamanga mudzi wawo woyamba mu 1875. Bwalo la ndege la mtundu umenewu linkafuna zinthu zochepa: boti loyendera pamadzi ndege isanatere kuti pasakhale bwato la msodzi kapena chipika, zoyandama zomangirirapo ndege, mafuta, ndi hotela yogonamo apaulendo, popeza ulendowu unkayenda usana wokha. Ntchitoyi inatha patangopita chaka chimodzi, mu Novembala 1950, pamene BOAC inasiyiratu ndege za pamadzi, ndipo chifukwa chake chinachokeranso ku nkhondo yomweyo, imene inasiya mabwalo aatali a pamtunda m'mayiko ambiri ndi ndege zothamanga zotha kuwagwiritsa ntchito. Hotela ya pa Cape Maclear inatsekedwa posakhalitsa, ndipo malowo lero ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980. Manda a amishoni a m'zaka za m'ma 1870 akuonekabe kumeneko, pamene za ndege zija zatsala kwambiri m'zithunzi ndi m'mabuku. Bwalo la ndege limene anthu a pa Nkopola amalidziwa lero ndi laling'ono la ku Makokola, limene limalandira alendo odzaona nyanja ndi akuluakulu obwera ku misonkhano ya m'mahotela a m'derali.

Chikumbutso chimene anthu wamba anadzipangira okha ndi gule wa beni, amene amavinidwa kwambiri pakati pa Ayao a ku Mangochi ndi maboma oyandikana nawo. Dzinali linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza gulu la oimba malipenga la asilikali, ndipo Terence Ranger, m'buku lake la mu 1975 lofotokoza za guleyu, anaonetsa kuti anayambira m'matauni a Aswahili a m'mbali mwa nyanja ya mchere m'zaka za m'ma 1890, n'kufalikira kumtunda makamaka kudzera mwa asilikali ndi amtengatenga a nkhondo yoyamba. Abale ake ndi malipenga a Atonga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa m'chigawo cha pakati. Ovina beni amavala zovala zonga za asilikali, zipewa ndi mamendulo, amakhala ndi maudindo otengera a usilikali, amafola m'mizere ngati pa perete, ndipo wotsogolera amaliza wezulo kuti mapazi asinthe pamodzi ndi ng'oma, pamene amayi amayankha nyimbo. Ena anauona guleyu ngati kungotsanzira azungu, koma maganizo amenewa saganizira kuti amene anamubweretsa anali anthu omwe ankaguba atasenza mitolo motsogozedwa ndi chikoti, ndipo atabwerera kwawo anatenga kuguba komweko n'kudzigawira okha maudindo amene kunkhondo sakanawalandira, n'kuikamo nyimbo za m'chinenero chawo zonena za zimene mudzi ukuona.

Chaka chilichonse m'mwezi wa Novembala dziko la Malawi limachita mwambo wokumbukira amene anafera kunkhondo, ndipo nkhata za maluwa zimaikidwa pa zipilala za ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ku Mangochi mzinga wa Guendolen umakhala pamalo ake pakati pa njinga za kabaza ndi magalimoto owoloka mlatho kupita ku Namwera ndi ku chipata cha Chiponde, njira yomwe magulu a asilikali ndi amtengatenga awo anadzera mu 1918, ndipo m'midzi ya kutsidya kwa Shire ndi ya m'mbali mwa msewu wa ku Nkopola beni amavinidwabe pa zikondwerero, pa misonkhano ndi pa masiku olandira alendo.